Chaka Chimene Amayi Anatsuka Golide

Fungo la ndimu yofinyira paphulusa ndimadana nalo mpaka lero. Mnansi wanga akatulutsa mapoto ake panja n'kuyamba kukwecha, ine ndimadzuka kukatseka zenera, ndipo ana anga amaseka kuti mphuno ya amayi awo ndi yonyada. Aseke, sadziwa kanthu. Fungo limenelo limandinyamula n'kukanditula ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga, kuseri kwa nyumba ya amalume Ernesto, m'chisanu cha chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndikangolimva mtima umayamba kuwira ngati zinachitika dzulo.

Amene sanagonepo ku Lichinga mwezi wa Juni asandiuze za kuzizira. Nkhungu inkatsika m'mawa kuchokera ku nkhalango ya paini, n'kukhala pamadenga mpaka dzuwa litakwera ndithu. Milomo inkang'ambika, zidendene zinkachita ming'alu, ndipo fumbi lofiira linkalowa m'ming'alumo n'kukana kutuluka. Dera lonse linkanunkha utsi wa nkhuni za paini, utsi wautomoni woyabwa m'maso. Pamsewu pankadutsa malole odzaza matumba a kachewere ochokera ku Chimbonila, ndipo ife ana tinkawathamangira kuti mwina thumba lina n'lobooka. Popita kusukulu tinkanyamula mwala wootcha pamoto, wokulunga m'kansanza, kuti zala zikathe kugwira pensulo.

Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo. Tinapita anayi, tinabwerako atatu: amayi, ine Luwiza, ndi mlongo wanga wamng'ono Tomasi. Bambo tinawasiya m'manda a pafupi ndi kampu. Amalume Ernesto, mchimwene wawo wa amayi, iwo sanathawe. Anakhala mumzinda nkhondo yonse, n'kuphunzira kugula njinga zakufa, kuzipaka penti ndi kuzigulitsa ngati zatsopano. Pamalo a agogo, amene mwa mwambo wathu anayenera kugwera amayi, tinapeza atamangapo nyumba ya njerwa yokhala ndi khonde lasimenti. Ife anatilozera kanyumba kosungiramo makala kuseri, ndipo anayembekezera kuti tithokoze. Tinathokozadi, nanga tikanatani?

M'kanyumbamo makala anali atachokamo, koma fumbi lake linatsala. Linkagwa kuchokera kudenga tikagona, ndipo m'mawa Tomasi ankadzuka ndi mphuno zakuda. Amayi anazira makoma ndi dothi loyera, anasesa, anaziranso, koma ukangotsamira khoma malaya ankatuluka ndi chizindikiro. Tinkagona atatu pamphasa imodzi, titafunda bulangeti la ku kampu ndi masaka awiri osokerera pamodzi. Kudzera pabowo la chitseko ndinkaona zenera lagalasi la nyumba ya njerwa, ndi katani yamaluwa imene inkagwedezeka nthawi zonse wina akamatisuzumira.

Wosuzumirayo anali akazi awo a amalume. Tinkawaitana kuti a Dona Berta, chifukwa dzina lina lililonse ankati ndi lachimidzi. Iwo sankatitchula mayina. Tinali "a ku kampu" basi. Sopo akasowa, a ku kampu. Mwana wawo akapezeka ndi nsabwe, a ku kampu. Chopweteka n'chakuti ku Malawi nakonso kunali ena otinena kuti othawa nkhondo ndi auve, ndiye amayi mawu amenewo anali atawamva mbali zonse ziwiri za malire. Sankayankha ndi pakamwa. Ankayankha ndi phulusa, ndimu ndi mchenga wosalala wa kumtsinje. Mapoto athu awiri, opindikapindika ndi ulendo, ankawakwecha mpaka munthu n'kudziona nkhope, kenako n'kuwayanika pathandala poti a Dona Berta awaone akamadutsa. Zala za amayi zinali zosupuka nthawi zonse, koma mapotowo ankanyezimira kuposa a m'nyumba ya njerwa.

Nkhani ya ku Nampula inabwera chisanu chitangoyamba. Amalume anali ndi mnzawo wamalonda kumeneko amene ankawatumizira matayala ndi matcheni a njinga, ndipo mkazi wa mnzawoyo anali atangochira kumene. Ankafuna kamtsikana kobereka mwana kumbuyo ndi kuchapa matewera. Amalume sanafunse munthu. Anangoima pakhomo pa kanyumba kathu, manja ali m'matumba a jekete, n'kunena kuti pakhomo pano pachuluka pakamwa, Luwiza adzakwera lole ya kachewere zokolola zikamatha. Amayi anangoti, "Achimwene, mwanayu ali pasukulu." Amalume anati sukulu sadya, ndipo wokhala pamalo a eni ake satsutsa. Pamalo a eni ake! Malo a amayi awo omwe, amene mchemwali wawoyo anabadwirapo.

Ine ndinalira mpaka kusanza. Ndinali m'kalasi lachinayi, ndipo sukulu inali malo okhawo kumene dzina langa linali Luwiza. Mazenera ake analibe magalasi, tinkakhala pa njerwa zonyamula tokha, mphepo ikulowa uku n'kutulukira uko. Koma aphunzitsi athu, amene tinkawaitana kuti a profesora, anali atandisankha kuti ndizilemba tsiku pabolodi m'mawa uliwonse chifukwa cha dzanja langa labwino, ndipo fumbi la choko ndinkalisiya dala m'zala kuti anthu kunyumba alione. Ndinkafuna kudzakhala profesora inenso, wovala juzi yaubweya ndi nsapato zogogoda. Tsopano amalume anali atandigulitsa ndi matcheni a njinga.

Tsiku lotsatira amayi anatseka chitseko masanasana, n'kumasula lamba wansalu amene ankamanga m'chiuno mkati mwa zovala. Lamba ameneyo ndinkamudziwa, koma ndinkayesa kuti ndi wamankhwala. Anadula ulusi ndi lezala, anatulutsa kansalu kopindapinda, ndipo m'dzanja mwawo munagwera khobidi limodzi. Poyamba sindinachite nalo chidwi. Linali laling'ono, lofiirira ngati uchi wakale, litsiro litakhala pakati pa zilembo. Mbali imodzi kunali mutu wa mzungu wandevu zambiri. Koma atandiikira m'dzanja ndinadabwa kulemera kwake. Anati ndi golide, anabwera nalo agogo awo aamuna kuchokera ku migodi ya ku Joni kalekale, nthawi imene anthu ankalipidwa ndi makobidi otere. Enawo anadyedwa, ili lokha linapatsidwa kwa mwana wamkazi, iyenso n'kudzapatsa mwana wake wamkazi. Linawoloka nafe malire, linakhala nafe m'kampu, ndipo ngakhale pamene bambo ankadwala amayi sanapeze munthu woti angamuonetse osawalanda.

Tsopano munthu woteroyo analipo. Amayi ankachapa zovala kwa bambo wina wa ku Maputo, Senyoro Valdemar, amene anabwera kudzayang'anira makina ochekera matabwa. Pokolopa m'chipinda chake anali ataona timabokosi tofewa mkati, todzaza ndalama zakale zoti sungagulire ngakhale mchere, iliyonse m'kabowo kake. Anati munthu wosunga ndalama zakufa ngati mazira sangalephere kudziwa mtengo wa yathuyi. Amayiwo Chipwitikizi chinkawavuta, ndiye ananditenga ine, popeza ku kampu tinkaphunzira m'Chipwitikizi. Ndinavala diresi la kutchalitchi, mapazi atapakidwa mafuta ophikira kuti ming'alu isaoneke. Tinadutsa pamsika, pafungo la usipa ndi buledi wotentha, mpaka kumisewu yotakata ya nyumba zimene anasiya Apwitikizi. Njira yonse dzanja la amayi silinachoke m'chiuno.

Senyoro Valdemar anali wamtali, wadazi, wonunkha fodya ndi khofi. Analandira kansaluko monyinyirika, ngati munthu amene wazolowera kupemphedwa. Atakatsegula anakhala tsonga. Anayala nsalu yofewa patebulo, n'kuligwira khobidilo m'mphepete mokha ndi nsonga za zala, osakhudza nkhope yake. Analiika pakasikelo kakang'ono. Kenako anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu, anasendera pazenera, ndipo analiyang'ana nthawi yaitali mpaka amayi anayamba kusunthasuntha mapazi. Ankang'ung'udza yekha, kuwerenga chaka, kutembenuza, kubwereranso pa ndevu zija.

Atayamba kulankhula ndinavutika kumuthamangira pomasulira. Anati golide yekha wa m'khobidimo, atamusungunula, angagule njinga yatsopano n'kutsala kachenje, ndipo mtengo umenewo aliyense wokhala ndi sikelo angaupereke. Koma anthu osonkhanitsa ndalama zakale sagula kulemera. Amayamba ayang'ana chaka, chifukwa zaka zina anasula ochepa, ndipo chaka cha lathuli chinali chimodzi mwa zimenezo. Akatero amafuna kudziwa ngati khobidi linayenda m'manja ambiri, poti manja amalidya pang'onopang'ono. Anandipatsa kagalasi kaja kuti ndione ndekha. Abale inu! Tsitsi lililonse la ndevu linkaoneka palokhapalokha, timadontho ta m'mphepete tonse tili bwinobwino. Anati khobidi limeneli lagona m'nsalu moyo wake wonse, ndipo akalankhula ndi mnzake wa ku Maputo n'kugwirizana, mtengo wake ungapose wa golideyo kutalitali. Amayi anandigwira phewa. "Mufunse ngati ungakwane malo okhala ndi kanyumba." Ndinafunsa. Iye anaseka n'kunena kuti malo, kanyumba, ndi mbuzi zomwe.

Anati tibwerenso kumapeto kwa mwezi akabwerako ku ulendo. Anafuna kulisunga yekha, koma amayi anakana n'kulibweza m'kansalu kake. Tili pakhomo anatiitana, n'kutiloza chala mmene amalozera galu wofuna kulowa m'nyumba. "Musalitsuke. Mwamva? Musalikhudze n'komwe." Ndinamasulira ndendende mawu amenewo, ndipo amayi anavomera ndi mutu. Chifukwa chake sananene. Kwa iye tinali wochapa ndi mwana wa wochapa, anthu ongopatsidwa malamulo, ndipo anatseka chitseko.

Masabata otsatirawo ndi amene amandikwiyitsa kwambiri ndikawakumbukira, chifukwa anali okoma. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkayenda wapansi mpaka ku Assumane, kumene mayi wina wamasiye ankagulitsa malo ake kuti akakhale kwa mwana wake. Kanyumba kanali kadothi, denga laudzu litapendekera mbali imodzi, koma panali chitsime ndi mtengo wa mapichesi woyoyoka masamba ndi chisanu. Tomasi anasankhiratu nthambi yomangapo katungwe. Amayi ankazungulira m'malire mwa malowo, akuloza pobzala nyemba ndi poika kabichi. Ine ndinayenda kuchokera pamenepo mpaka kusukulu, ndipo ndinapeza kuti mwala wanga wootcha ungakafike usanazizire. Pobwerera amayi anatigulira nzimbe, chinthu chimene sankachita. Anati pakhomo pathupathu palibe amene angakweze mwana wawo pa lole.

Koma amayi anali munthu wamwambo. Kwathu mkazi sagulitsa chinthu cha makolo osauza mlongo wake, chifukwa iyeyo ndiye mwini mbumba. Ndinawachonderera kuti asanene, iwo n'kundikalipira kuti ndisaphunzire mwano. Choncho tsiku lina dzuwa litapendeka anagwada pakhonde la nyumba ya njerwa, n'kutambasula kansalu kaja pamaso pa amalume ndi a Dona Berta. Amalume analitola ndi zala zamafuta a njinga n'kumaliponyaponya m'dzanja, mtima wanga ukudumpha nalo limodzi. Atamva za mtengo maso awo anasintha. Atamva kuti bwana uja wati tisalitsuke anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, kampu inakuphani nzeru. Ine ndagulitsa njinga zaka zonsezi. Wogula akakuuzani kuti musapukute, ndiye kuti akufuna adzaloze dzimbiri n'kutsitsa mtengo. Chinthu chimadula chikamawala. Liwale ili, muona nokha, mtengo ukwera."

Amayi anati munthuyo ananenetsa, ndipo ndi iye amene amadziwa za makobidi. Mwina akanalimba pomwepo. Koma a Dona Berta anasuzumira m'dzanja la amuna awo n'kukwinya mphuno. "Iii, koma a ku kampu! Ngakhale golide wawo ndi wauve. Mukapita nacho chonchi kwa bwana, azikati pakhomo pano timakhala bwanji?" Ndinaona khosi la amayi likuuma. Anatenga khobidi lawo, anapinda kansalu, n'kudzuka.

Mawa lake nkhani inali itafika kale kuchitsime. Azimayi ankaseka chamumtima tikamafika ndi ndowa, ndipo wina anafunsa mokweza ngati ndi zoona kuti golide wa ku kampu amakhala wakuda. Amalume nawo sanapume. Akamadutsa pakanyumba kathu ankakankha njinga yopakidwa kumene penti, n'kuimenya pachishalo kuti taonani, dzulo inali chitsulo cha kudzala, lero anthu akuilimbirana. Ine ndinkawakumbutsa amayi mawu a pakhomo paja. Iwo ankati ndamva, ndamva, koma ndinkawaona akutulutsa khobidi lija masana, akuliyang'ana pafupi ndi poto wawo wonyezimira, nkhope ili yosakondwa.

M'mawa wa tsiku lopita kwa Senyoro Valdemar kunali nkhungu yoti sungaone mpanda. Ndinapeza amayi atakhala pamwala wawo wotsukirapo, mbale ya phulusa ili pambali, ndimu yodula pakati, ndi kamchenga kosefa pansalu. Amalume anali ataima chapafupi ndi kapu ya tiyi, atabweretsa kawaya kofewa kamene ankachotsera dzimbiri pa masipokosi a njinga. Ndinati, "Amayi, paja anati tisatsuke." Amalume anandiuza kuti nditseke pakamwa akulu akamagwira ntchito. Amayi anafinyira ndimu paphulusa, fungo lija n'kukwera. Anakwecha mbali ya ndevu, anatembenuza, anakwechanso, ndi mphamvu zomwe zija za pamapoto, ataluma mlomo. Litsiro la pakati pa zilembo analitokosa ndi singano. Pomaliza amalume anapereka kawaya kaja.

Atalitsukuluza m'madzi n'kulikweza, dzuwa linali litangoboola nkhungu, ndipo khobidi linawala ngwee, lachikasu ngati lasulidwa m'mawa womwewo. Linali lokongola, abale, sindinganame. Mantha anga onse anasungunuka, ndinayamba kuganiza kuti mwina amalume akudziwadi. Tomasi anavina. Ngakhale a Dona Berta anati tsopano ndiye chaoneka ngati chinthu, ndipo amayi anamwetulira, mutu uli m'mwamba.

Senyoro Valdemar anatilandira ndi chimwemwe, mpaka anatipatsa mipando. Anati mnzake wa ku Maputo wavomera, ndalama zili m'kabati. Amalume anabwera nafe atavala tayi, ndipo ndi iwo amene anatambasula kansalu monyadira. Bamboyo sanatole n'komwe kagalasi kake. Anafiira kuyambira padazi mpaka m'khosi, anamenya tebulo, makapu n'kulira. Mawu oyamba amene anatuluka sindinawamasulire, anali otukwana. Kenako anandiyang'ana ine. "Uwauze amayi ako kuti alipha. Ndinati chiyani ine? Ndinati chiyani?"

Anandikankhira kagalasi kaja. Pansi pa galasi khobidi lathu linali ngati pamene nkhuku zapalasa. Timizere tinadutsana paliponse, tsitsi la ndevu lija linali litafafanizika, ndipo pamene panadutsa singano panali timaenje. Apa ndiye anafotokoza, mochedwa, mokuwa. Anati mtundu wofiirira uja sunali uve, unali umboni wakuti khobidi silinakhudzidwe zaka zonsezo, ndipo osonkhanitsa amalipira umboni umenewo. Golide ndi wofewa, mchenga umamudya. Khobidi lokwechedwa palibe amalifuna m'bokosi mwake, ndipo palibe mmisiri amene angalibwezere khungu lake. Ndinamasulira zonsezo ndikuyang'ana zala zosupuka za amayi zili pamaondo.

Amalume anadzuka n'kuyamba phokoso, kuti ameneyu ndi wakuba, akufuna kutibera dzuwa likuswa mtengo, tipita nalo kwina. Tinapitadi kwina. Tinazungulira masitolo a mumzinda, amalume patsogolo tayi ili paphewa, amayi ndi ine pambuyo, fumbi likutilowa m'mano. Aliyense ankaliika pasikelo n'kutchula mtengo wa kulemera kwake, ena kutsikanso pamenepo. Za chaka ndi za ndevu panalibe wofunsa. Mawa lake tinabwerera awiri kwa Senyoro Valdemar, ndipo analigula pamtengo wa golide, n'kuwonjezera pang'ono chifukwa cha chaka chija. Anandiuzanso kuti ndiwauze amayi asadzabwerenso kudzachapa, chifukwa munthu wosamva malangizo angadzamuwonongere katundu. Zimenezonso ndinamasulira. Mayi wamasiye wa ku Assumane atamva zimene tinali nazo m'manja anapepesa, n'kugulitsa malo kwa msilikali wina wopuma.

Mukuganiza kuti amalume anapepesa? Olo pang'ono. Ankauza aliyense pamsika kuti iwo ananeneratu kuti bwana uja ndi tambwali. Pa ndalama zija anatengapo gawo la mwini mbumba n'kuitanitsa matayala. Zotsalazo amayi anagula chimanga, bulangeti la Tomasi, ndi nsapato zanga zapulasitiki zoyendera ulendo. Zinali nsapato zoyamba m'moyo wanga, ndipo ndinadana nazo.

Lole inanyamuka m'mawa, mphepo yafumbi ya kumapeto kwa chisanu itayamba. Anandikweza pamwamba pa matumba a kachewere, pakati pa azimayi awiri osawadziwa opita ku Cuamba kukakwera sitima. Tomasi ankalira kuti nayenso akwere. Amayi anandipatsira mwala wootcha, ndipo nditayang'ana ndinaona kuti aukulunga m'kansalu kaja ka khobidi. Sanalire. Anaima atabisa manja m'kapulana, chitenje chawo chija, akuyang'ana matayala a lole, osati ine. Ndinawakwiyira chifukwa cha zimenezo njira yonse, ndipo ndinawakwiyirabe zaka zambiri ndikuchapa matewera a mwana wa eni ake m'kutentha kwa ku Nampula. Kalasi lachinayi sindinalimalize.

Ndinabwerera ku Lichinga ndili namwali, Chimakuwa cha ku Nampula chili pakamwa. Amayi ndinawapeza m'kanyumba komwe kaja. Chimene chinandidabwitsa si imvi zawo ayi, koma mapoto. Anali akuda bii, mwaye utaundana kunja ngati khungwa. Mkati ankatsukamo ndi madzi ndi sopo, koma kunja sankakhudza, ndipo a Dona Berta akayamba zawo zija za a ku kampu, amayi ankangowayang'ana. Ndinaganiza kuti ndi ukalamba. Tsiku lina ndinatenga phulusa ndi ndimu kuti ndiwathandize, ngakhale fungolo linali litayamba kale kundinyansa. Anandilanda ndimuyo m'manja n'kuiponya kuseri kwa mpanda. "Pakhomo panga ayi," anatero, ndipo sitinakambenso.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene ali ku sekondale, anafufuza pafoni yake makobidi a mzungu wandevu uja. Tinawapeza, zithunzi zili mbwee, ofiirira ngati uchi wakale, ndipo ogulitsa ake analemba momveka kuti lotsukidwa limagwa mtengo. Ndiye kuti Senyoro Valdemar sananame. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti anatibera, ndipo kudana ndi munthu mmodzi wadazi kunali kosavuta. Lero ndikudziwa kuti ananena zoona, koma mkwiyo sunathe, wangopeza eni ake. Iyeyo ndimamukwiyirabe, chifukwa zimene anakuwa patebulo akanatha kuzinena pakhomo paja tsiku loyamba, akanationa ngati anthu oyenera kufotokozeredwa. Ndimawakwiyira amalume, amene anafa akukhulupirirabe kuti golide ndi njinga. Ndimawakwiyira a Dona Berta ndi ena onse, kuno ndi kutsidya, amene anawauza amayi kuti ndi auve mpaka iwo anakhulupirira kuti chilichonse chawo chiyenera kukwechedwa chisanaonekere kwa anthu.

Amayi okha ndi amene ndinasiya kuwakwiyira. Pa lole paja ndinkaganiza kuti sakundiyang'ana chifukwa sindinali kanthu kwa iwo. Tsopano ndili ndi mwana wamkazi wangawanga, ndipo ndikudziwa chimene ankabisa m'kapulana muja. Anali manja amene anakwecha sukulu yanga ndi phulusa, akuyesa kuti akundipulumutsa. Kansalu kaja ndikadali nako. Kali ndi banga la mwaye wa mwala, ndi kamzere kozungulira pamene khobidi linagona zaka zonse zija. Sindinakachapepo.